Vuto silinali kubwereza nthabwala

Nkhani ina imene ndawerenga ikuti makatuni aafupi akale, monga a Tom and Jerry, ankangobwereza nthabwala imodzimodzi, koma ndikuona kuti wolemba sanaganizire mmene anthu ankawaonera. Katuni imodzi inkatenga mphindi pafupifupi 7 ndipo inkaonetsedwa m'nyumba za kanema filimu yaikulu isanayambe, choncho munthu ankatha milungu asanaonenso ina. Kutopa nawo kunadza pamene wailesi zakanema zinayamba kuwaonetsa mondondozana.

William Hanna ndi Joseph Barbera anapanga makatuni 114 a Tom and Jerry ku kampani yopanga mafilimu ya MGM kuyambira 1940 mpaka 1958, ndipo 7 mwa amenewa anapata mphoto ya mafilimu ya Oscar. Aliyense amadziwiratu kuti mphakayo, Tom, sadya mbewa ija, Jerry. Chimene chimaseketsa ndi kakanthawi kamene Tom amaima kakasi atazindikira kuti msampha wamutembenukira, komanso nyimbo za Scott Bradley zimene zinkatsatira phazi lililonse, poti Tom ndi Jerry salankhula kawirikawiri.

Makatuni 13 amene Gene Deitch anapanga mumzinda wa Prague, ku Ulaya, mu 1961 ndi 1962 anasunga mphaka yemweyo ndi mpikisano womwewo, komabe kwa ine saseketsa mofanana, chifukwa mayendedwe ake ndi olimba ndipo phokoso lake siligwa pamalo oyenera.