Mabungwe a amalonda ku Malawi, Zambia ndi Mozambique: ndani amafika pachipata?

Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Chipata ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 140. Kuchoka ku Chipata komweko kupita ku Lusaka ndi makilomita oposa 550. Kwa wamalonda wa ku Chipata, mzinda waukulu umene ali nawo pafupi ndi Lilongwe, osati likulu la dziko lake. N'chimodzimodzinso munthu wa ku Angónia, ku Mozambique: Dedza ndi Ntcheu ndi pakhomo, pamene Maputo ndi ulendo wa makilomita oposa 1,500. Anthuwa amamvana chinenero, amakwatirana, ndipo chaka chilichonse mu Ogasiti amakumana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Malonda pakati pawo sanayambe dzulo. Chimene ndikufuna tione ndi mabungwe amene amati amalimbikitsa malondawa, chifukwa m'maiko atatuwa sagwira ntchito mofanana.

Za mabungwe akuluakulu sinditalikitsa. Kwathu kuli Malawi Confederation of Chambers of Commerce and Industry, MCCCI, imene mizu yake ndi ya m'chaka cha 1892, ndipo ndiyo imakonza chionetsero cha malonda pa Chichiri mu Blantyre. Ku Zambia bungwe lotere ndi ZACCI, ndipo chionetsero chawo chachikulu chimachitikira ku Ndola. Ku Mozambique bungwe lotere ndi CTA, chionetsero chawo ndi FACIM, ku Marracuene kufupi ndi Maputo. Onsewa amalankhulira makampani: a shuga, a simenti, a mabanki, a mathiraki. Akadandaula za misonkho kapena za kusowa kwa ndalama zakunja, nduna zimamva. Ntchito imeneyi ndi yofunika ndithu. Koma mayi amene wapikula zitenje zake kapena matumba asanu a mtedza sadziwa n'komwe kumene kuli maofesi awo. Wake ndi bungwe la amalonda odutsa malire, ndipo kusiyana kwenikweni kuli pamenepo.

Malawi ndi Zambia onse ali mu COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kummawa ndi kummwera kwa Africa. Likulu lake lili ku Lusaka, ndipo mlembi wamkulu woyamba anali Bingu wa Mutharika. Maiko awiriwa anali m'gulu loyamba kuchotserana msonkho wa pachipata mu 2000. Vuto linali lakuti kuti katundu asalipire msonkhowo pamafunika chikalata chotsimikiza kumene wapangidwa, ndipo chikalatacho chimatengedwa m'tauni. Kampani imatuma kalaliki. Wa geni yaing'ono sangataye masiku awiri ndi ndalama ya basi chifukwa cha pepala. N'chifukwa chake mu 2010 Malawi, Zambia ndi Zimbabwe anayamba ndondomeko yopepuka ya amalonda ang'onoang'ono imene amaitcha Simplified Trade Regime, STR. Ngati katundu wako sapyola mtengo umene anaika (unayambira pa 500 dola, kenako unakwera mpaka 2,000) ndipo ali pamndandanda umene maiko awiriwo anagwirizana, umalemba fomu yaifupi pachipata pomwepo, osafunanso ejenti.

Pachipata ngati cha Mchinji ndi Mwami, chimene mu Disembala 2022 anachitsegula monga malo amodzi oonetserapo mapepala a maiko onse awiri, pamakhala desiki ya uthenga wa zamalonda. Munthu wokhala padesikiyo si wa MRA kapena ZRA, mabungwe otolera misonkho a Malawi ndi Zambia. Ntchito yake ndi kuthandiza wamalonda. Tayerekezani mayi watsika minibasi ndi zikwama zake, thukuta lili kamukamu, anyamata a kabaza amuzungulira kale, wina akumunong'oneza kuti, "Amayi, tiyeni tidzere ku zalewa, uko akulandani zonse." Akapita padesiki, munthu uja amatsegula mndandanda, amamuuza kuti ichi chilipo, ichi palibe, ichi msonkho wa pachipata sichilipira koma VAT ilipo, mtedzawu ukufunika chilolezo cha a zaulimi. Amamuthandiza kulemba, mwinanso kumuperekeza pawindo. Mayiyo amatuluka ndi risiti m'manja, ndipo risitiyo ndi imene imamuteteza pa ma rodibuloko a kutsogolo. Wodzera ku zalewa, njira zozemba chipata, amalipira wa njinga, amalipiranso aliyense wamuimitsa panjira, ndipo zikamuchitikira zoipa kutchire alibe kodandaula. Amalonda ambiri oterewa ndi amayi, ndipo zimene ena amakumana nazo m'njira zimenezo ndi zomvetsa chisoni.

Kwa ine, bungwe la amalonda tiziliyesa ndi desiki imeneyi. Kodi pali munthu Loweruka madzulo? Kodi walandira malipiro ake, kapena thandizo la maiko akunja litatha nayenso anapita kwawo?

Apa a ku Zambia anatipitirira, ndipo chifukwa chake n'chooneka ndi maso. Bungwe lawo, Cross Border Traders Association, lili ndi malo: msika wa COMESA mu Lusaka. Ukalowa mumsikamo umamva Chinyanja, Chibemba, Chiswahili ndi Chishona m'kanjira kamodzi, katundu wa ku Tanzania, ku Congo ndi ku Zimbabwe ali mbwee. Wamalonda wochokera kunja amadziwa kofikira, koika katundu ndi kopeza ogula. Msika wotere umachita zinthu ziwiri zimene msonkhano wa mu hotela sungachite. Umapatsa membala chifukwa cholipirira umembala wake, ndiponso umasonkhanitsa anthu ambiri pamalo amodzi, kotero kuti akalankhula, khonsolo ndi boma sizinganyalanyaze. Sindikunena kuti zonse n'zosalala kumeneko. Msikawo ndi wothinana, ndipo paliponse pamene pali malo ogulitsira, mikangano ya utsogoleri sichedwa. Komabe kukangana pa chinthu chimene chilipo kuli bwino kusiyana ndi kusakhala nacho.

Anzathuwa alinso ndi mwayi wa kumene dziko lawo linakhala. Zambia imachita malire ndi maiko asanu ndi atatu, ndipo pa Kasumbalesa, pamalire ndi Congo, pali msika wa anthu a ku Lubumbashi amene amagula ufa, mazira, nsomba, mbuzi ndi zakumwa tsiku ndi tsiku. Choncho wamalonda wa ku Zambia anazolowera kuganiza zogulitsa kunja. Ife ambiri tikati tikupita kunja timatanthauza kokaoda: Johannesburg, Dar es Salaam, Kyela, Lusaka. Timanyamula ndalama, kubwera ndi katundu. Pamene kwacha yathu inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amalonda otere mpamba wawo unasungunuka ali chikhalire.

Izi sizitanthauza kuti Malawi alibe chophunzitsa ena. Pa kusonkhanitsa alimi ndi amayi m'magulu, ife tili patali. NASFAM inaonetsa kuti mlimi wa ekala imodzi angathe kugulitsa mtedza kapena mpunga wa Kilombero m'paketi yolembedwa bwino akaphatikiza zokolola ndi anzake. National Association of Business Women, imene Joyce Banda anayambitsa cha mu 1990, inatsegula maso amayi ambiri. Bungwe la amayi a bizinesi a m'maiko onse a COMESA likulu lake lili ku Lilongwe konkuno. Ndipo banki mkhonde inafika pafupifupi mudzi uliwonse. Chimene chimandipweteka n'chakuti mphamvu imeneyi siinalumikizane mokwanira ndi chipata. Gulu la amayi a ku Mchinji limalima mtedza wabwino, Cross Border Traders Association of Malawi imadziwa njira ya STR, koma nthawi zambiri amene amadya phindu ndi vendala wobwera ndi sikelo pakhomo, n'kuwolotsa matumbawo usiku. Soya, mtedza, nyemba, mpunga, usipa, ngakhale ndowa za pulasitiki zopangidwa ku Blantyre, zili ndi ogula ku Chipata, Katete ndi Petauke.

Mbali ya Mozambique ndi nkhani ina. Dzikolo linatuluka mu COMESA kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, monganso Tanzania inachitira mu 2000, choncho STR ya COMESA siifika pa Dedza, Mwanza kapena Muloza. Chilichonse chopeputsa malonda pamenepo chimafuna kuti maboma awiriwo agwirizane paokha, kapena kudzera mu SADC. Bungwe lawo lodziwika la amalonda ang'onoang'ono, Mukhero, linakulira kummwera, kumene amayi amaoda tomato, anyezi ndi mbatata ku South Africa kudzera pa Ressano Garcia n'kumagulitsa ku Maputo. Kumeneko lili ndi mawu. Koma Maputo ali kutali kwambiri ndi Ulóngwè, Zóbuè kapena Milange, ndipo mafomu ndi a Chipwitikizi ngakhale wolemba ndi wolandira onse akulankhula Chichewa.

Chodabwitsa n'chakuti kumeneku ndiye kumene malonda amayenda mwaufulu kuposa kwina kulikonse. Pa Lizulu, msewu wa M1 ndiwo malire. Mbali iyi ndi Malawi, ukawoloka phula uli ku Mozambique. Kachewere, kabichi ndi tomato zimawoloka pamutu ndi pangolo, ndipo chimanga cha ku Milange chakhala chikupulumutsa anthu a ku Mulanje ndi Phalombe m'zaka za njala. Palibe bungwe limene linakonza zimenezi. Ena anganene kuti ndiye mabungwe ngachiyani. Yankho limaoneka tsiku limene zinthu zavuta: msilikali walanda katundu, boma latseka malire, kapena wogula wathawa ndi ngongole. Pamenepo wopanda bungwe amangolira yekha. Amakhalanso wa ngolo mpaka kalekale, chifukwa banki siikongoza munthu amene malonda ake onse alibe pepala.

Tinaona mu 2025 mmene mabungwe athu alili osalumikizana ndi anzawo a kutsidya. Malawi ataletsa katundu wina wa kunja mu Malichi, Tanzania inabwezera mu Epulo poletsa zokolola zathu. Patapita masiku ochepa chiletso cha Tanzania chinachotsedwa kuti akambirane, koma amalonda a pa Songwe ndi Karonga anali atataya kale. Nthochi ndi tomato sizidikira zokambirana za nduna. Mabungwe a mbali zonse ziwiri akanakhala ozolowerana, akanalankhula ndi mawu amodzi chiletso chisanalembedwe, popeza wogulitsa wa ku Kyela ndi wogula wa ku Karonga onse analuza limodzi.

Maganizo olumikiza chigawo cha kummawa cha Zambia, Malawi ndi Tete monga dera limodzi la malonda akhala akukambidwa kwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo njanji ya Mchinji inafika ku Chipata mu 2010. Ine ndikanakonda tiyambe ndi zazing'ono zimene bungwe lingachite lokha osadikira boma. Lipeze malo ku Lilongwe, kufupi ndi depoti, oti wamalonda wa ku Chipata kapena ku Angónia azifikirapo ndi kusunga katundu. Mndandanda wa katundu wa STR ulembedwe m'Chichewa, umatidwe pakhoma pa Mchinji ndi kutumizidwa pa WhatsApp. Ndipo malipiro a munthu wa padesiki azichokera m'zopereka za mamembala ndi lendi ya malowo, kuti pulojekiti ikatha iye asachoke.