Chitopa tikuchinyamula ndi manja athu

Ndatopa nazo abale. Sabata yatha ndinapita ndi nkhuku zanga zisanu za Mikolongwe kuchionetsero cha zaulimi, zonse zolandira katemera wa chitopa wotchedwa I-2, kadontho m'diso miyezi inayi iliyonse osaphonya. Kufika pakhomo, beseni loviikamo nsapato lili gwa, mulibe ngakhale dontho la mankhwala. Bambo ena abwera ndi tambala wogwetsa mapiko, wotsegula m'mimba zobiriwira, khosi layamba kupindika, n'kumuika m'khola loyandikana ndi langa. Nditawafunsa akuti wangotopa ndi ulendo. Kutopa kwanji kumeneko? Chitopa sitichidziwa ife?

Ndiye odzaona aja! Agwira nkhuku iyi, aikanula kukamwa, apukutira dzanja pachitenje, agwiranso ina. Nkhuku za mzere wonse zikumwera m'chigubu chimodzi chodula. Ndowa ya madzi ndi sopo ikanatha ndalama zingati? Alangizi a ziweto kuziyang'ana zisanalowe chikanavuta n'chiyani?

Pano zangazo ndazitsekera pazokha kuseri kwa nyumba, masiku 21, kutali ndi anapiye. M'mawa uliwonse ndimagwada pakhola kuyang'ana zitosi, mtima uli m'mwamba.