Land Cruiser yakale siifa ndi msewu, imafa ndi mwiniwake

Pali mawu amene ndimawamva kawirikawiri ndipo amandiwawa mumtima: "Aa, iyi ndi Cruiser, siifa." Wonena mawuwa nthawi zambiri amakhala munthu amene sanagwadepo n'komwe kuti asuzumire kunsi kwa galimoto yakeyo. Ine ndikuti mbiri ya kulimbayi ndi imene ikumaliza magalimoto athu akale, chifukwa yatiphunzitsa kuwalekerera.

Yanga ndi pikapu ya injini ya 1HZ, ya malita 4.2, masilinda 6, yopanda tebo komanso yopanda kompyuta. Toyota inayamba kupanga mtundu wa 70 Series mu 1984, ndipo injini imeneyi inabwera mu 1990. Ubwino wake ndi woti pafupifupi chilichonse chimaoneka ndi maso, dzanja limafika. Munthu wokhala ndi masipanala ochepa, jeke, pampu ya girizi ndi mtima wodekha angathe kuisamalira pakhomo. Zomwezi ndi zoona kwa amene muli ndi Hilux zakale za injini ya 3L kapena 5L, ngakhalenso Land Rover Defender ya 300Tdi.

Ndinaphunzira movutikira. Dzinja lina ndikuchokera kumudzi, nditayenda maola atatu osapuma, ndinapeza kamtsinje katadzaza mpaka kuphimba kamlatho. Ndinalowa, madzi anapitirira pakati pa matayala, ndinaoloka bwinobwino, anthu amene anali kutsidya mpaka kuomba m'manja. Patatha milungu itatu kumbuyo kunayamba kulira kaphokoso kokhala ngati mluzu, kokula ndikaponda moto, kozilala ndikasiya. Nditamasula bawuti ya pansi pa difu, chibokosi cha magiya chili pa ekiselo chija chimene chimagawira matayala mphamvu, chimene chinatuluka sichinali oyilo ayi. Chinali ngati tiyi wothira mkaka wambiri, chonunkha, chokhala ndi tizitsulo tonyezimira. Mabering'i anali atadyeka kale. Ndalama imene ndinalipira ikanagula oyilo wa difu wa zaka zambiri.

Chimene chimachitika n'chakuti difu ikayenda ulendo wautali imatentha, ndipo mpweya wa mkatimo umafufuma. Ikangomira m'madzi ozizira mpweya uja umanyala mwadzidzidzi, difu n'kuyamwa chilichonse chili pafupi, kudzera pa kapumiro kake kali pamwamba pa ekiselo kapena m'masilo otopa. Chili pafupicho ndi madzi amatope. Kunja simuona kanthu, galimoto imayenda ngati kale, koma mkati mano a magiya akusambira m'phala.

Ndiye masiku ano ndikaoloka madzi opitirira pakati pa tayala, m'mawa mwake ndimalowa kunsi. Madzi ndi olemera kuposa oyilo, galimoto ikagona usiku amatsikira pansi, choncho mukamasula pang'ono bawuti yokhuthulira, ngati alimo ndi amene amayamba kudontha. Koma chonde, yambani mwamasula bawuti yothirira, ya pamwambayo. Ndinaonapo munthu atakhuthula oyilo yense kenako n'kupeza kuti yothirira yakana kumasuka, galimoto n'kukhala pabwalo masiku anayi. Oyilo wa difu ndi wa magiya, 80W-90 wa GL-5, ndipo mumathira mpaka ayambe kubwerera pa bowo lomwelo. Yang'anani difu zonse ziwiri, giyabokosi ndi transfer, bokosi limene limagawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo. Ine ndinalumikizanso timapaipi pa tipumiro tija n'kutikweza mpaka m'boneti, pamwamba pomwe madzi safika. Ndi ntchito ya masana amodzi, ndipo sindikumvetsa chifukwa chake ambiri sitiichita.

Ndisanapitirire, pali nkhani imene sindinyengerera nayo munthu. Musalowe kunsi kwa galimoto yoimikidwa pa jeke yokha. Jeke ntchito yake n'kukweza, si kugwira. Njerwa nazonso ayi, zimaphwanyika osachenjeza. Gulani zoimikira zachitsulo, kapena pezani zipika za mtengo wolimba zodulidwa mofanana, ikani pamalo athyathyathya ndi olimba, tsekerani matayala otsalawo ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo, giya ikhale yolowa. Galimoto imeneyi imaposa matani awiri. Ana asasewere pafupi mukakhala kunsiko.

Girizi ndi wotchipa koma ndi amene timamumana kwambiri. Pa shafuti, chitsulo chachitali chopereka mphamvu ku difu, pali timabere tothirira, pa makolosi (mfundo za kumapeto kwake) ndi polowererana paja. Pukutani kabere kaye kuti musakankhire mchenga mkati, kenako pompani mpaka girizi wakale wakuda atuluke m'mbali mwa kolosi. Polowererana pompani kawiri kapena katatu basi, mukadzaza kwambiri shafuti imasowa malo osendera. Kutsogolo, kuseri kwa matayala, kuli mipira yachitsulo ija yonyezimira. Ikakhala yonyowa pang'ono palibe vuto. Koma mukaona phala lakuda likuyenderera mpaka kumata mkati mwa tayala, ndiye kuti silo ya mkati yatha, oyilo wa difu wasakanikirana ndi girizi ndipo akumusungunula. Mukazengereza mudzamva "kho-kho-kho" pokhota muli mu four wheel, ndiye kuti mfundo ya mkatimo yayamba kudyeka. Tayala likadali m'mwamba, ligwireni pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Likamasewera, bering'i ikufuna kumangidwa kapena kusinthidwa.

Kulakwitsa kwina kumene ndimakuona tsiku ndi tsiku ndi kwa four wheel pa tala. Cruiser ndi Hilux zakalezi zilibe difu ya pakati. Mukatseka mahabu, zopotokola za pakati pa matayala akutsogolo, pa LOCK n'kulowetsa H4, giya ya four wheel, matayala akutsogolo ndi akumbuyo amakakamizika kuzungulira mofanana. M'matope kapena mumchenga tayala limaterereka pang'ono, kukanganako n'kutha. Pa tala siliterereka, ndiye mphamvu yonse imakathera m'mashafuti ndi m'transfer. Mukangoponda tala, bwererani ku H2, kuti azikoka matayala akumbuyo okha. Komanso musaisiye miyezi isanu osaigwiritsa ntchito, kamodzi pamwezi tsekani mahabu muyende makilomita angapo pa msewu wafumbi kuti oyilo azungulire kutsogoloko. A Defender nkhani yanu ndi ina pang'ono, matayala onse anayi amakoka nthawi zonse, chimene muyenera kumasula pa tala ndi diff lock, chotsekera difu ya pakati. Koma mdani wanu wamkulu ndi dzimbiri. Thupi lake lambiri ndi la aluminiyamu, limaoneka bwino zaka ndi zaka, pamene chasisi chachitsulo chikuola ndi matope ogona m'kati mwake. Lowetsani paipi ya madzi m'mabowo a chasisi mpaka madzi azituluka oyera.

Chilimwe chili ndi zake. Fumbi la mu Okutobala likadutsa fyuluta ya mpweya limakhala ngati sandipepa m'masilinda, injini n'kuyamba kumwa oyilo ndi kufuka utsi wabuluu. Musamaimenyetse pa tayala fyulutayo, pepala lake limang'ambika pamene maso saona. Ipemerereni mpweya wochepa mphamvu kuchokera mkati kupita kunja, kenako ikani tochi mkati mwake muli pamdima. Kuwala kukatulukira pa kabowo ngakhale kamodzi, itayeni. Oyilo wa injini, 15W-40, ine ndimasintha pa makilomita 5,000 pamodzi ndi fyuluta yake, chifukwa misewu imene ndimayenda si ya tala. Oyilo wakaleyo musathire m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime, sungani m'chigubu.

Dizilo wa m'zigubu tonse tinamugulapo mafuta akasowa, sindikuweruza munthu. Koma dziwani kuti kawirikawiri amabwera ndi madzi ndi zinyalala. Kunsi kwa fyuluta ya dizilo kuli kotsegulira, khuthulani madziwo, kenako pompani kapampu ka pamwamba mpaka kalimbe kuti mpweya uchoke. Mu radiyeta namo musamangothira madzi a pamjigo okhaokha chaka chonse, amasiya miyala m'timipata ndi dzimbiri m'injini. Ikani coolant, madzi a mankhwala opangidwira radiyeta. Tsukaninso matope ndi njere za udzu zomata pa radiyeta, ndi madzi osathamanga kwambiri, kuchokera kumbali ya injini. Muvi wa kutentha ukakwera imani pomwepo, osati "ndifike kaye pa sitolo paja", ndipo chotsekera cha radiyeta musachitsegule injini ili yotentha. Hedi, chivundikiro cha pamwamba pa masilinda, ikang'aluka ndiye mtsinje wa tinkanena wathera mu siizi.

Sindikunena kuti makaniko alibe ntchito. Pampu ya dizilo ndi mainjekita sindizikhudza, zimafuna makina oyezera ndi malo aukhondo. Lamba wa timing ndimasinthitsa pa makilomita 100,000 kwa munthu amene ndimamudalira, ndipo ndimagula weniweni ngakhale adule, chifukwa akaduka injini ikuyenda mapisitoni amamenya mavavu. Ngati munagula galimoto osadziwa kuti lambayo anasinthidwa liti, musinthe mwezi uno. Mabuleki ndimatsuka ndekha matope m'madiramu akumbuyo, koma pedulo ikayamba kufewa ndimaitana wodziwa.

M'kabati ya kutsogolo ndimasunga kope la sukulu. Ndimalembamo tsiku, makilomita ndi chimene ndachita, ngakhale kuthira girizi kokha. Tsamba lomaliza likundiuza kuti mabawuti omanga masipuling'i ndinawakunga komaliza mvula yatha ija isanayambe, ndiye Loweruka lino m'mawa, dzuwa lisanakwere, ndiyala katoni pansi ndiyambire pamenepo.