Makapu 8 a madzi pa tsiku si lamulo la munthu aliyense

Kwa miyezi ingapo ndakhala ndikuona mnzanga wina wa kuntchito akuyenda ndi botolo lalikulu la madzi, lojambulidwa mizere ya maola m'mbali mwake. Ikakwana 10 koloko madzi asanatsike kufika pamzere wake, amapendeketsa botololo n'kuyamba kumeza mokakamiza, nkhope itachita tsinya, ngakhale kuti ludzu alibe. Sabata yatha anandidandaulira kuti tulo sakutiona chifukwa akumadzuka katatu usiku kukataya madzi, ndipo nditamufunsa chimene akudzivutitsira chotere, anati madokotala amanena kuti munthu azimwa makapu 8 pa tsiku. Nkhani imeneyi yandikhudza, chifukwa anthu amene akuwerenga makapu mwakhama ndi amene thupi lawo likanatha kudziyang'anira lokha, pomwe amene akufunikadi kuwerengeredwa makapu palibe akuwalabadira.

Nambala ya makapu 8, omwe ndi pafupifupi malita 2, ilibe maziko amene ambiri amaiganizira. M'chaka cha 1945 bungwe la Food and Nutrition Board la ku United States linalemba kuti munthu wamkulu amafunika malita 2.5 a madzi pa tsiku, koma pomwepo linawonjezera kuti ambiri mwa madzi amenewa amapezeka kale m'zakudya. Zikuoneka kuti anthu anagwira chiganizo choyamba n'kutaya chachiwiricho. Mu 2002 Heinz Valtin, katswiri wa kagwiridwe ntchito ka impso pa Dartmouth Medical School, anafufuza umboni wa lamulo la makapu 8 m'zolemba za sayansi, ndipo sanaupeze.

Mabungwe akuluakulu nawonso sagwirizana pa nambala imodzi. Mu 2004 bungwe la Institute of Medicine ku America linati malita 3.7 kwa amuna ndi malita 2.7 kwa akazi ndi okwanira, pamene mu 2010 bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, la EFSA, linati malita 2.5 kwa amuna ndi malita 2 kwa akazi. Manambala onsewa akuphatikiza madzi a m'zakumwa zonse ndi a m'zakudya, kutanthauza kuti mkaka, tiyi, khofi, msuzi, zipatso ndi masamba zonse zikuwerengedwa. Kafukufuku amene anasindikizidwa m'magazini ya Science mu 2022, yemwe anayeza anthu oposa 5,600 a m'mayiko oposa 20, anasonyeza kuti madzi amene amalowa ndi kutuluka m'thupi amasiyana kwambiri malinga ndi msinkhu, kukula kwa thupi, ntchito imene munthu akugwira komanso kutentha kwa kumene akukhala. Munthu wokhala pampando tsiku lonse m'chipinda chozizira sangapatsidwe muyeso wofanana ndi wa munthu wonyamula katundu dzuwa likuswa mtengo, amene angathe kutaya lita yathunthu ya thukuta m'ola limodzi lokha.

Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti thupi lili ndi muyeso wakewake, ndipo ndi wolondola kuposa mizere ya pabotolo. Impso zimasefa malita pafupifupi 180 a madzi a m'magazi tsiku lililonse, koma zimabwezera pafupifupi onsewo m'thupi, ndipo otuluka ngati mkodzo amangokhala lita imodzi ndi theka kapena kuyandikira pamenepo. Madzi akachepa pang'ono chabe, mchere umachuluka m'magazi, ubongo umazindikira msanga, ndipo umatulutsa homoni yotchedwa vasopressin imene imauza impso kuti zisunge madzi. Nthawi yomweyo munthu amamva ludzu. Kwa munthu wamkulu wathanzi, kumwa akamva ludzu komanso kumwa pa chakudya n'kokwanira masiku ambiri. Wofuna kutsimikiza angoyang'ana mkodzo wake: ukakhala wachikasu chotuwa ndiye kuti zili bwino, ukada n'kumatuluka wochepa ndiye kuti awonjezere madzi, ndipo ukamatuluka woyera mbee ngati madzi ola lililonse ndiye kuti akupitirira muyeso.

Ena amaganiza kuti madzi sangapweteke munthu ngakhale atachuluka bwanji, koma zimenezi si zoona. Impso sizingatulutse madzi oposa pafupifupi lita imodzi pa ola, choncho munthu akamwa mofulumira kuposa pamenepo, mchere wa sodiyamu umachepa kwambiri m'magazi, madzi amalowa m'maselo, ndipo ubongo, umene ulibe malo okulira m'kati mwa chigaza, umayamba kutupa. Mutu umapweteka, nseru imabwera, maganizo amasokonezeka, ndipo zikafika poipa munthu amakomoka kapena kumwalira kumene. Pa mpikisano wothamanga wa Boston Marathon wa 2002, anthu 13 pa 100 alionse mwa othamanga amene anayezedwa magazi anapezeka ndi vuto la kuchepa kwa sodiyamu m'magazi, makamaka chifukwa chomwa mopitirira panjira.

Sindikunena kuti ludzu ndi lodalirika kwa aliyense nthawi zonse. Mayi woyamwitsa amafunika kuwonjezera mamililita pafupifupi 700 pa tsiku. Wodwala amene watentha thupi, akusanza kapena akutsegula m'mimba amataya madzi ndi mchere pamodzi, n'chifukwa chake amapatsidwa madzi a mchere ndi shuga a ORS osati madzi okha. Amene anadwalapo timiyala ta mu impso amalangizidwa kumwa madzi ambiri, pomwe ena odwala mtima kapena impso amauzidwa ndi dokotala kuti achepetse, ndipo kwa iwowa lamulo la makapu 8 lingawagoneke m'chipatala. Khanda losakwana miyezi 6 siliyenera kupatsidwa madzi n'komwe, popeza mkaka wa m'mawere uli ndi madzi okwanira ngakhale kunja kutatentha.

Koma amene mtima wanga uli pa iwo ndi okalamba, chifukwa munthu akamakula ludzu limazilala ndipo impso zimachepa mphamvu yosunga madzi. Ndinaziona ndi maso anga pa amayi anga. Ndinkawasiyira kapu yodzaza pambali pa mpando wawo m'mawa, ndipo pobwera madzulo ndinkaipeza ili chodzazire, fumbi litayandama pamwamba. Ndikawafunsa ankangoti, “Ndilibe ludzu, mwanangu,” koma milomo yawo inali itang'ambika, lilime louma, ndipo akaimirira ankachita chizungulire. Pambuyo pake anandiululira kuti ankapewanso kumwa dala poopa kuvutitsa anthu usiku pofuna kupita kuchimbudzi.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kuwafunsa ngati ali ndi ludzu. Ndimawapatsa kapu yaing'ono m'manja akangodzuka, ina pa chakudya chilichonse, ina pomwera mankhwala, ndipo yomaliza amamwa dzuwa lisanalowe kuti usiku agone bwino. Ndimakhala nawo pansi mpaka amalize, chifukwa ndinaona kuti kapu imene ndawasiyira patebulo samaikhudza, koma imene ndawapatsa m'manja tikucheza amaimwa yonse.