Chenjezo kwa ogula makobidi olakwika: yezani musanalipire

Ana inu, tamverani. Muno mu Zomba mwabuka kamchitidwe koti munthu akangoona khobidi lopindika, lobooka kapena lobenthuka, mtima umamuthamanga, n'kuyamba kuwerenga chuma chimene alibe. Wina akutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kwa munthu amene sanamuonepo, ataona chithunzi chimodzi chosaoneka bwino pa Facebook. Kumeneko si kutolera ndalama zakale. N'kutaya ndalama ya ndiwo.

Makobidi olakwika alipodi, ndipo ena amagulidwa pa mtengo wabwino. Koma kulakwika kwa ku fakitale n'kosiyana ndi kuonongeka kwa m'manja mwa anthu, ndipo amene sadziwa momwe khobidi limapangidwira sangasiyanitse ziwirizi. Ku fakitale amayamba ndi chitsulo chophwatalala, makina n'kumabowolamo timagawo tozungulira. Kagawo kalikonse amakatukula m'mphepete kuti kakhale ndi mkombero, kenako kamalowa m'kati mwa mphete, zidindo ziwiri n'kukamenya nthawi imodzi, china pamwamba china pansi. Cholakwika chenicheni chimabadwira pa imodzi mwa ntchito zimenezi, kapena popanga chidindocho. Wogulitsa akalephera kukuuzani kuti chinachitika pa ntchito iti, bwezani chikwama m'thumba.

Tiyambe ndi la chibowo, chifukwa ndi limene lapusitsa ambiri. Peni ndi hafupeni za nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, peni ya njovu ija ndi hafupeni ya akadyansonga, anazipanga dala ndi chibowo pakati. Agogo anu ankaguliramo mchere. Chibowo chimenecho si cholakwika, ndipo chibowo cha msomali pa 10 tambala ya chimanga n'kuononga basi.

Khobidi lobenthuka m'mphepete ndi limene achinyengo amalikonda, poti tupa ndi sowo zili paliponse. Lenileni limachitika makina akabowola chitsulo modutsa pamene anabowola kale. Zikatero mkombero umafooka pang'onopang'ono poyandikira pobenthukapo, zilembo za pafupi zimaoneka ngati zikutsetserekera pamenepo, ndipo kawirikawiri mbali yoyang'anizana nayo mkombero umakhalanso wofooka. Lodulidwa ndi munthu limakhala ndi mkombero wathunthu mpaka podulidwapo, m'mphepete mwakuthwa, ndi timizere ta tupa tonyezimira. Galasi lokulitsa zinthu ka 10 limaonetsa zonsezi.

Palinso la zilembo ziwiriziwiri. Lotchuka ndi senti ya ku America ya 1955, imene chidindo chenichenicho chinalakwika pochipanga, moti chaka ndi mawu zimaoneka ziwiri ngakhale popanda galasi. Pa khobidi lotere zilembo zonse ziwiri zimakhala zotukuka, zoburungira, zosiyana bwinobwino kunsonga kwake. Koma chidindo chikangogwedera pomenya, chilembo chachiwiri chimakhala chophwatalala ngati kakhonde, ndipo chimadya mbali ya chilembo choyamba. Zoterezi n'zambirimbiri, otolera odziwa saonjezerapo kanthu.

Zina n'zachibwana ndithu. Munthu amatenga makobidi awiri, n'kuwapanikiza pa vayisi kapena kuwamenya ndi hamala, chithunzi cha lina n'kulowa mwa linzake chotembenuka. Onani kuseri kwake, mupeza kwaphwanyika. Wina amaviika khobidi mu asidi wa batire kuti lichepe, n'kumati analidinda pa chitsulo chopyapyala, koma nkhope yake imakhala yofufuma ngati yadyedwa ndi chiswe. Makobidi a 5 kwacha ndi 10 kwacha a 2006, a zitsulo ziwiri aja, amawagogoda pakati n'kubwezeramo mopotoza. La mitu iwiri nthawi zambiri ndi makobidi awiri operesedwa n'kumatidwa: funani msoko m'mbali kapena m'kati mwa mkombero, ndipo mukaligogoda pang'ono sililira ngati anzake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo inu ochita zimenezi dziwani kuti kuononga dala ndalama ya boma ndi mlandu.

Chimene chimatidabwitsa n'chakuti munthu ali wokonzeka kupereka ndalama zambiri pa khobidi limodzi, koma sikelo kugula ayi. Nanga nsomba za ku Chilwa mumagula osazitembenuza? Mufunika sikelo yaing'ono yowerenga mpaka 0.01 galamu, galasi lija, kalipa yoyezera m'lifupi ndi kukhuthala, maginito, komanso khobidi labwinobwino la mtundu womwewo ndi chaka chomwecho. Khobidi lodindidwa cham'mbali, kapena lotambasuka chifukwa mphete sinaligwire, limalemera chimodzimodzi ndi labwinolo, poti palibe chitsulo chachoka. Likapepuka kwambiri popanda chifukwa chooneka, wina walipala. Maginito nawo amaulula bodza. Mu 1943 masenti a ku America ankapangidwa ndi chitsulo chokutidwa ndi zinki, ndipo ochepa kwambiri anadindidwa molakwika pa kopa. Achinyengo amakuta lachitsulo ndi kopa, koma limamatirira maginito ndipo limalemera magalamu 2.7, pamene la kopa lenileni silimatirira ndipo limalemera 3.11. Ena amatenga la 1948 n'kusema 8 kuti akhale 3.

Musathamangirenso kunena kuti khobidi latembenuka. Makobidi a ku America mukawatembenuza cham'mbali, kuseri kumaoneka chadodolido, ndipo ndi mmene amapangidwira onse. A ku Britain amakono satero. Yerekezani ndi linzake musanatsegule pakamwa.

Za kugula pa intaneti, mverani bwino. Pemphani zithunzi zowala za mbali zonse ziwiri ndi za m'mphepete, komanso chithunzi cha khobidilo lili pa sikelo, pambali pali kapepala ka deti la tsikulo. Wokana zimenezi, kapena wonena kuti pali mzungu akulifuna madzulo ano, musiyeni agulitse kwa mzunguyo. Makobidi odula akunja, monga 20 pensi ya ku Britain yopanda chaka ya 2008, gulani okhawo amene anayezedwa ndi kutsekeredwa m'kabokosi ndi makampani ngati PCGS kapena NGC. Kabokosiko kamakhala ndi nambala; ilembeni pa tsamba la kampaniyo, ndipo ngati pali chithunzi muone ngati zipsera zikufanana, chifukwa timabokosi tabodza tiliponso. Mtengo umene munthu walemba potsatsa si mtengo wa khobidi. Yang'anani ndalama imene ena analipiradi. Mukamagula muno m'tauni, kumanani masana pamalo poonekera, osati kuseri kwa depoti, muyeze nokha, ndipo mulemberane kuti likapezeka labodza ndalama ibwerera.

Ndipo mukaligula, chonde manja pansi. Phulusa, mchenga, mandimu ndi mankhwala otsukira mapoto zimachotsa khungu loyamba la chitsulo, ndipo wodziwa akaona timizere ta kukwecha amatsitsa mtengo pomwepo kapena amangochoka. Ligwireni m'mphepete mokha. Zomba ndi wachinyezi, makamaka nthawi ya dzinja nkhungu ikatsika m'phiri, ndiye musalisunge m'timapepala tapulasitiki tofewa ta PVC, timatulutsa utomoni wobiriwira umene umadya chitsulo. Liikeni lokhalokha m'kapulasitiki kolimba kapena m'kakatoni kopangira makobidi, m'chitini chotseka bwino, muikemo timapaketi touma tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo muzitisintha mvula ikayamba.