Khansala wa m'bukuli tonse timam'dziwa

Bambo mlembi, m'ndemanga yanu ya buku losimba za khansala wina ndi banja lake mwati bukuli likukamba za ndale za m'katawuni, koma ine ndaona kuti mtima wake uli m'nyumba. Ndaliwerenga masiku atatu pabenchi langa pa msika wa Kapata kuno ku Chipata, makasitomala akachepa. Khansala uja wogawa mapuloti usiku, masana n'kumalalikira za chitukuko, sanandidabwitse ngakhale pang'ono. Amene anandikhudza ndi mkazi wake: akusita chitenje cha chipani, mwana wawo woyamba ali thapsa pakhonde ndi kachasu, iye duu, mpaka makala a m'simbi kuzima. Pamenepo ndinayamba ndatseka buku.

Pa chisankho cha 2021 amalume anga anaimira ukhansala. Ng'ombe ziwiri zinapita, matumba a nshawa nawonso, zonse kuthera pa masikipa ndi mafuta a njinga zamoto za anyamata. Analuza. Akazi awo mpaka lero amaphika mphika wawowawo.

Pomwe mwati mathero ake ndi ofooka chifukwa khansalayo sanamangidwe, pepani, sindikuvomereza. Akanamangidwa ndikanati wolemba bukuli sanakhalepo kuno.