Maganizo anga pa nkhani ya wapolisi wofufuza mlandu m'dziko limene atsamunda sadachoke

Pali mtundu wa mabuku a nkhani zopeka umene wolemba amatenga mbiri yodziwika n'kuikhotetsa pa malo amodzi, kenaka n'kutionetsa m'mene dziko likadakhalira lero zinthu zikadatsata njira inayo. Olemba a ku Ulaya ndi ku America akhala akuchita zimenezi kwa zaka zambiri, makamaka poyerekeza kuti dziko la Germany lidapambana nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo ambiri amasankha wapolisi wofufuza milandu yakupha kuti ndiye atsogolere wowerenga. Chifukwa chake n'chomveka, pakuti wapolisi amalowa paliponse, m'nyumba ya bwana ngakhalenso m'kanyumba ka wantchito wake, ndipo amafunsa mafunso amene munthu wamba sangayerekeze kufunsa. Ine nkhawa yanga ili pa buku lotere likamanena za dziko limene Angerezi ndi Apwitikizi sadachoke mu Africa muno. Maganizo anga ndi akuti wolemba wake sangatengere kalembedwe ka nkhani za apolisi monga m'mene kalili, chifukwa lonjezo lalikulu la nkhani zimenezi limasanduka bodza likangolowa m'dziko la atsamunda.

Lonjezolo tonse timalidziwa. Mtembo umapezeka, mboni zimanama, wapolisi amatsata zizindikiro, ndipo pamapeto wolakwa amadziwika n'kuperekedwa ku bwalo la milandu, anthu n'kupuma. Zonsezi zimaima pa chikhulupiriro chakuti lamulo ndi la aliyense ndipo kuti wakuphayo ndiye yekha adasokoneza mtendere. Koma lamulo la Nyasaland ndi lomwe lija linkasaka amuna olephera msonkho, linkaloleza thangata m'maesiteti a ku Thyolo ndi ku Chiradzulu, ndiponso linkalipiritsa kapena kutsekera alimi chifukwa cha mizere ya m'munda mwawo. Ngakhale bungwe la woweruza Patrick Devlin, limene boma la Britain lenilenilo lidatumiza kudzafufuza zipolowe za mu 1959, zimene zidachititsa bwanamkubwa kulengeza lamulo lapadera la chitetezo pa 3 Malichi, lidalemba kuti Nyasaland pa nthawiyo lidali dziko lolamulidwa ndi mphamvu ya apolisi. Anthu pafupifupi 50 adaphedwa ndipo oposa 1,000 adatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Wolemba amene akutiuza kuti ulamuliro umenewo udapitirira mpaka lero, kenaka n'kutipatsa wapolisi woti tizimuombera m'manja akamapereka munthu ku bwalo lomwelo, sadaganize mokwanira za dziko limene walenga yekha.

Ife a ku Ntcheu ndi ku Dedza sitifunika kuyerekeza kwambiri kuti timvetse dziko lotere, chifukwa lidalipo kutsidya kwa msewu wathu. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891 lidadula pakati Angoni a kwa Maseko, phiri la Domwe n'kutsala ku Angonia, ndipo mpaka lero m'malo ambiri pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu wa M1 ndiwo malire. Malawi adalandira ufulu pa 6 Julaye 1964, koma Mozambique adadikira mpaka pa 25 Juni 1975, boma la ku Lisbon litagwetsedwa ndi asilikali mu Epulo 1974. Kwa zaka 11 zimenezo, mayi wa ku Lizulu ankatha kuima kumbali ino ya msewu m'dziko lodzilamulira, akuyang'ana mchemwali wake kumbali inayo kumene chibalo chidali chikadali m'kamwa mwa anthu, kumene apolisi achinsinsi a PIDE ankagwira anthu usiku, ndiponso kumene mbalamatodya, thabwa lija lazibowo lomenyera m'manja, inkadziwika ndi mwana aliyense. Akuluakulu amene adaona zimenezi akadalipo m'midzi mwathu, ndipo wolemba wanzeru angayambe ndi kukhala nawo pansi asadatsegule buku lililonse lakunja.

Tiyerekeze tsono kuti buku lathu likuyamba m'mawa wa tsiku la msika pa Lizulu, m'dziko limene likutchedwabe Nyasaland. Amayi akuyala kabichi ndi tomato, anyamata akutsitsa matumba a kachewere, ndipo wina wapeza mtembo wa mwamuna m'ngalande ya m'mphepete mwa msewu. Funso loyamba la wapolisi silikhala lakuti wamupha ndani. Limakhala lakuti mtembowo wagona mbali iti, chifukwa ukakhala kuno mlandu ndi wa Angerezi, ukakhala uko ndi wa Apwitikizi, ndipo aliyense pamsikapo akudziwa kuti anthu awiri amphamvu angathe kuusuntha usiku kuti mlandu ugwere boma limene silingavutike nawo. Apa nkhani yayamba kale kunena za utsamunda popanda wolemba kulalikira. Mbiri yeniyeni ikutiuzanso kuti maboma awiriwa ankagwirizana pakakhala munthu wowavuta onse. Mu 1953 Inkosi Philip Gomani atakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland n'kuuza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe, apolisi adabwera kudzawagwira ku Lizulu komweko. Iwo adathawira kutsidya pamodzi ndi mbusa Michael Scott, koma Apwitikizi adawagwira n'kuwabweza kwa Angerezi, ndipo adamwalira mu 1954. Bambo awo, Gomani woyamba, adaphedwa ndi Angerezi mu 1896. Wapolisi aliyense wofufuza mlandu pa malo amenewa akuponda nthaka imene imakumbukira zimenezi.

N'chifukwa chake ndikunena kuti wofufuzayo asakhale bwana wachizungu wa mtima wabwino amene pang'onopang'ono akuzindikira kuti boma lake ndi loipa. Nkhani yotere imatha ili ya chikumbumtima cha bwanayo, ife n'kungokhala anthu oima kumbuyo. Wofufuza akhale sajeni wakuda, mwana wa komwe kuno, amene adalowa upolisi chifukwa ndiyo ntchito imene idalipo yolipirira azing'ono ake sukulu. Iyeyu ndiye amayenda m'midzi ndipo ndiye amamva zimene mboni yanena ndi zimene yazemba, koma lipoti amasaina ndi bwana amene sadziwa kusiyana kwa malume ndi bambo wamng'ono. Pakati pa mboni ndi cholembera cha bwana pali pakamwa pa sajeniyu, ndipo mphamvu yonse ya bukuli ili pamenepo. Gogo akayankha mwamwambi, sajeni ayenera kusankha pomwepo kuti aumasulire monga ulili, aufewetse, kapena anene kuti gogoyo sakudziwa kanthu. Chiganizo chilichonse chimene wamasulira chingapulumutse munthu kapena kumutumiza ku Zomba kukanyongedwa, ndipo madzulo ayenera kubwerera kwa anthu omwewo, amene amamulonjera mwaulemu koma amasiya kucheza akangotulukira.

Khalidwe la mboni nalonso liyenera kusintha tanthauzo. M'nkhani zozolowereka, mboni yobisa mawu imakhala ndi kanthu kumbali, ndipo wowerenga amaphunzitsidwa kuikayikira. M'dziko la atsamunda mudzi wonse ungakhale chete pamaso pa yunifolomu popanda aliyense kukhala ndi mlandu, chifukwa anthu adaphunzira kuti funso limodzi loyankhidwa limabweretsa galimoto ya boma, ndipo galimotoyo sibwerera yopanda munthu. Choonadi chimayenda m'njira zake. Anthu osambitsa mtembo ndiwo adaona bala la kumbuyo kwa khutu, adzukulu amanong'onezana kumanda akukumba, ndipo pa siwa usiku, nyimbo zikaima, wina amatchula za ngongole kapena za malire a dimba amene adakanganitsa womwalirayo ndi mnansi wake. Anyakwawa amamva zonsezi tsiku lisadathe, ndipo ali ndi bwalo lawo pansi pa mtengo limene lingathe kuweruza nkhaniyo mwa njira imene boma silidzaidziwa. Sajeni angazimve pokhapokha atavula chipewa n'kukhala pa mphasa ngati wolira mnzawo, ndipo akatero wasenza ngongole kwa anthuwo imene lipoti lake silingailipire. Wolemba amene angatilembere usiku umodzi wa siwa yotere mwaluso wachita zambiri kuposa amene wadzaza mitu khumi ndi kuthamangitsana kwa magalimoto.

Za m'mene mbiri idakhotera sindikufuna kuchulutsa mawu, chifukwa bukunso siliyenera kuchulutsa. N'zokwanira kuti wolemba adziwe mumtima mwake kuti, mwachitsanzo, Iain Macleod sadakhale nduna yoona za maiko a atsamunda mu 1959, choncho Dr Banda sadatulutsidwe ku ndende ya Gwelo pa 1 Epulo 1960. Anthu a m'bukumo asaime pamsewu n'kumafotokozerana zimenezi, popeza palibe munthu amauza mnzake mbiri imene onse awiri adabadwiramo. Wowerenga azindikire yekha poona kuti kachewere akugulidwa ndi masheleni, kuti kalata zonse zikupita ku likulu ku Zomba, kuti basi ikulembedwa Fort Johnston kapena Port Herald osati Mangochi kapena Nsanje, kuti kutsidya anthu akunena za Vila Coutinho osati Ulongwe, ndiponso kuti mnyamata wogwira foni yam'manja akufunsidwa chitupa pa mlatho.

Pamenepa ndichenjezepo, chifukwa nkhaniyi imandikhudza. Pali chiyeso chojambula dziko lotereli lili laukhondo, sitima zikufika pa nthawi yake, maboma atapakidwa laimu, ndipo pakati pathu alipo kale amene akatopa ndi mavuto a lero amanena kuti bola nthawi ya azungu. Wolemba akaonetsa kapinga wometedwa bwino wa pa boma, aonetsenso akaidi amene akumumeta ndi mlandu umene udawabweretsa pamenepo.

Tsono mutu womaliza utha bwanji? Ndikukhulupirira kuti wowerenga ayenera kuuzidwa amene adapha, chifukwa kumubisira n'kumubera, ndipo kwathu kuno timati mlandu suola. Chimene ndikukana ndi kuti kudziwika kwa wakuphayo kubweretse mpumulo. Ngati wakupha ndi mwini esiteti kapena mkulu wa apolisi, sajeni adziwa choonadi koma fayilo itsekedwa ndi anthu a pamwamba pake, ndipo iye atumizidwa kukagwira ntchito kutali ku Fort Hill, kumene lero timati ku Chitipa. Ngati wakupha ndi munthu wa m'mudzi amene adapha kapitawo wogulitsa anzake ku chibalo, sajeni ayenera kusankha pakati pa kulemba dzinalo ndi kulemba kuti mtembo udachokera kutsidya kwa msewu, ndipo chilichonse chimene asankhe chimuwonongera kanthu, kaya ntchito yake kaya malo ake pakati pa abale. Njira yachitatu, imene ine ndingaikonde kwambiri, ndi yakuti wakuphayo akhale munthu woipadi, amene adaphera dyera ndipo mudzi ukumuopa, kotero kuti mkazi wamasiye akufuna chilungamo ndi mtima wonse koma bwalo lokhalo lotha kumanga munthuyo ndi la atsamunda. Pamenepo sajeni sangabisale kumbuyo kwa kukonda dziko, ndipo mudzi sungabisale kumbuyo kwa kukhala chete. Mayiyo ayenera kukwera basi kupita ku boma la Ntcheu, kukaima pamaso pa woweruza amene samva chinenero chake, n'kupereka umboni wake kudzera pakamwa pa sajeni yemweyo, akudziwa kuti apolisi akalowa m'mudzimo kudzagwira mmodzi adzafunsanso ziphaso za msonkho za amuna onse, kuphatikizapo alongo ake.